Laisensi yanga ya ndege inali m'dzina la msuweni wanga

Inu owerenga, ndikulemba izi manyazi atandigwira, koma ndaona kuti kubisa ndi kumene kunandifikitsa pamene ndili lero. Ine ndimatha kuyendetsa ndege. Sindikucheza ayi. Ndinaphunzira, ndinakhoza mayeso, ndinanyamulapo anthu mlengalenga n'kuwatsitsa bwinobwino. Koma mukadutsa pa Ulongwe masiku ano mundipeza pa sikelo ya mlongo wanga ndikuyeza chimanga ndi nandolo, m'mutu muli mbuu fumbi. Sindinachite ngozi, sindinaledzerepo pantchito. Vuto langa linali dzina. Kwa zaka pafupifupi makumi awiri ndinkayenda ndi dzina la munthu wina, ndipo itafika nthawi yosintha laisensi yanga yakunja kuti ikhale ya kuno kwathu, mwini dzinalo ndi amene ndinamuika m'mavuto.

Mayina sinditchula, langa ngakhale lake. Lakelo ndinalitchula kokwanira.

Nkhani inayamba ndili mwana. Ndinalemba mayeso a Sitandade 8 kwathu ku Ulongwe, ndinakhoza, koma sindinasankhidwe kupita ku sekondale. Amene munakulira kumudzi mukudziwa zimene zinkanenedwa masiku amenewo: wobwereza samusankha msanga, ndiye ukafuna kubwereza upite sukulu ina, usinthenso dzina. Bambo anga anali atamwalira, choncho wotiyang'anira anali amalume, mchimwene wawo wa mayi anga. Iwo anakwatira ku Chikweo, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, ndipo kumeneko anali ndi mwana wamwamuna, msuweni wanga, wamsinkhu wanga ndithu. Msuweniyo sukulu inamukanika atangolowa Sitandade 8, mtima wake unali pa bwato ndi maukonde. Dzina lake linali likadali m'kaundula wa sukulu, mwini wake ali kunyanja.

Kwa amalume nkhaniyi inali yosavuta. Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndiye mbumba yako, ndiye amene umamuvutikira, ndipo iwo sanaone cholakwika kutenga dzina la mwana wawo lomwe linkangokhala m'buku n'kundiveka ine. Ananditenga kupita ku Chikweo, ndinalowa m'kalasi, ndinayamba kuyankha dzina la msuweni wanga. Ndinaloweza tsiku lake lobadwa, dzina la mayi ake ndi mudzi wake. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndinangoona ngati masewera. Mwini dzina ankaseka, amvekere mukadzakhala bwana, asuweni, muzidzakumbukira kuti mukudyera dzina langa.

Chaka chimenecho ndinasankhidwa. Satifiketi ya Folomu 4 inatuluka m'dzina lomwelo. Pasipoti nayo ndinatengera dzina lomwelo, chifukwa ndi limene linali pa mapepala anga onse. Ntchito itavuta ndinalowera ku Joni monga anyamata ambiri akwathu. Mwayi wanga unali woti ndinapeza ganyu pa kabwalo kena ka ndege zing'onozing'ono, kusesa, kutsuka ndege ndi kuthira mafuta. Mwini sukulu ya zouluka pamenepo, bambo wachikulire waukali koma wachilungamo, anaona kuti ndimafunsa mafunso ambiri, ndipo tinagwirizana kuti ndizimugwirira ntchito iye azindiphunzitsa. Anzanga a makolo olemera ankamaliza m'zaka ziwiri. Ine zinanditengera zaka zisanu ndi zinayi kuti ndigwire laisensi yondilola kunyamula anthu pa ndege monga ntchito. Ola lililonse limene ndinauluka linalembedwa mu logibuku, buku limene woyendetsa ndege aliyense amasunga, ndipo pansi pa tsamba lililonse ndinkasaina dzina la msuweni wanga osaganizanso kawiri.

Ndinabwerera kumudzi chifukwa mayi anali atayamba kudwaladwala, komanso ndinamva kuti kampani ina yaing'ono yonyamula alendo okaona nyama inkafuna woyendetsa ndege. Mkulu wa oyendetsa ndege kumeneko anali mayi wosapsatira mawu, amene aliyense ankangomutcha akaputeni. Anaona logibuku yanga, anandifunsa mafunso kwa ola lathunthu, kenako anati ntchito ndi yanga, koma laisensi yakunja singagwire pa ndege zolembetsedwa kuno. Ndinayenera kuisintha. Anandipatsa miyezi iwiri, chifukwa nyengo ya alendo inali pafupi ndipo ndege singangokhala pansi kudikira munthu mmodzi. Panalinso china chondithamangitsa. Laisensi yangayo inali ndi nthawi yake, ndipo inkatha mphamvu cha m'masabata omwewo. Ikanatha ndisanaisinthe, ndikanayenera kubwerera ku Joni kukayesedwanso, ulendo umene sindikanaukwanitsa.

Amene simudziwa za ntchitoyi, kusintha laisensi si kungopereka khadi lina n'kulandira lina. Ofesi yoona za ndege imafuna kalata yochokera ku dziko limene linakupatsa laisensiyo, yotsimikiza kuti ndi yeniyeni. Imaona logibuku tsamba ndi tsamba. Umapimidwa ndi dokotala wawo, maso, makutu, mtima, zonse. Umalemba mayeso a malamulo a zouluka a dziko lino, kenako umauluka ndi wokuyesa. Ine ndinayamba bwino kwambiri moti ndinayamba kudzimva. Kalata inabwera msanga, dokotala anati ndili bwino, mayeso ndinakhoza. Pa fomu panatsala mzere umodzi wokha wosalemba, wa nambala ya chitupa cha unzika. Chitupacho ndinalibe, chifukwa kalembera wake anachitika ine ndili ku Joni. Bambo amene ankayendetsa mapepala anga ku Lilongwe anati kameneko n'kanthu kakang'ono, ndipite ku boma kwathu ndikalembetse, ndibwere ngakhale ndi kapepala kosonyeza kuti ndalembetsa, iwo adzandipatsa tsiku louluka ndi wondiyesa. Kunali kutatsala masabata asanu.

Ndinapita ku Balaka m'mawa wa Lolemba nditavala shati yoyera. Ndinalemba fomu monga ndinazolowera: dzina la msuweni, tsiku lake lobadwa, makolo ake, mudzi wake. Mayi amene anandilandira anayamba kulemba pa kompyuta, kenako anaima. Anandiyang'ana, anayang'ana pa kompyuta, anandiyang'ananso. Anaitembenuza kuti ndione. Panali nkhope ya msuweni wanga, yopsa ndi dzuwa la kunyanja, ikundiyang'ana.

Inu owerenga, ndakumanapo ndi mphepo yoopsa mlengalenga koma thukuta ngati la tsiku limenelo sindinatulukepo. Kwa zaka zonsezo sindinaganizepo kuti mwini dzina nayenso akuligwiritsa ntchito. M'mutu mwanga dzinalo linali langa, iye anali chabe msuweni wa ku Chiuta. Koma iye anali atalembetsa kalekale, atadinda zala zake, ndipo pamaso pa boma munthu wa dzina limenelo anali iyeyo.

Mayiyo sanakuwe, sanaitane aliyense. Anatsitsa mawu n'kunena kuti, “Achimwene, munabwereza Sitandade 8 eti? Si inu woyamba. Pitani kwa majisitireti mukalumbire, mubwere ndi makolo ndi kalata ya kumudzi, mulembetse dzina lanu lenileni, kenako muyambe kukonza mapepala enawo limodzilimodzi. Zimachedwa koma zimatheka.”

Mawu amenewo akanandipulumutsa ndikanawamva. Koma ine ndinangomva liwu limodzi lakuti zimachedwa. Ndinathokoza, ndinatenga fomu yanga, ndinakakhala pa depoti mutu uli zweee. Kulembetsa dzina langa lenileni kunkatanthauza kuti chitupa chikanena china, pasipoti ndi laisensi zikunena china. Ndikanayenera kusintha pasipoti, kulembera a ku Joni, kufotokoza ku ofesi ya ndege kuti munthu amene anakhoza mayeso awo si amene ali pa pepala. Ndinaona miyezi, mwinanso chaka. Ndinaona ntchito ikupita. Ndinkaopanso kuti akangomva anena kuti maola anga onse ndi achinyengo. Sindinafunse aliyense wodziwa malamulo ngati mantha angawo anali oona. Ndinathamangira kwa amalume.

Nthawi imeneyo amalume anali atabwerera ku Ulongwe, poti akazi awo, mayi a msuweni wanga, anali atamwalira. Anandimvetsera akutafuna mtedza, ndipo nditamaliza anaseka. Anati mphwanga, ukulira ndi zimenezi? Dzina lako lenileni likungokhala, palibe akuligwiritsa ntchito. Msuweni wako atenge limenelo, iwe upitirize ndi lakeli. Akangopita ku boma n'kunena kuti pa kalembera analakwitsa, analembetsa dzina la msuweni wake amene anali ku Joni, basi akonza. Anawonjezera kuti msodzi dzina alibe nalo ntchito, nsomba za makumba sizifunsa chitupa. Ndikuvomera kuti nanenso ndinaseka, ndipo mtima unakhala pansi.

Tinanyamuka mawa lake, minibasi mpaka pa Liwonde, ina mpaka pa Nselema, kenako njinga zamoto kulowa ku Chikweo. Tinamupeza msuweni wanga pagombe masana akusoka ukonde. Atandiona anataya chilichonse n'kundikumbatira, fungo la nsomba n'kundipaka pa shati. Ankaitana anzake kuti bwerani mudzaone apailoti, dzina langa limauluka kumwamba ine ndili pansi pano. Chisuweni chathu chinali chikadalipo, anandiseka kuti ndanenepa ngati nduna, ine n'kumuseka kuti wada ngati mphika. Kunyumba mkazi wake, mlamu wanga, anatiphikira makumba aawisi.

Titadya amalume anayamba nkhani. Msuweni wanga anamvetsera mpaka kumapeto, kumwetulira kukuchoka pang'onopang'ono. Kenako anafunsa funso limodzi.

“Ndiye ineyo ndikhala ndani?”

Amalume anandiloza ine, n'kunena kuti ukhala uyu. Iye anayamba kufotokoza modekha kuti chitupa chimenecho ndi chimene amagulira feteleza wotsika mtengo, ndi chimene analembetsera nambala ya foni imene ogula nsomba amamupezera, ndipo ana ake atatu kusukulu ndi kuchipatala analembedwa ndi dzina limenelo. Amalume anapsa mtima. Anamenya ndodo pansi n'kunena kuti, “Dzinalo ndinakupatsa ndine, ndipo ndikhoza kulitenga. Mbale wako wavutika zaka zonsezi, ufuna zonse zigwere m'madzi chifukwa cha matumba awiri a feteleza?”

Apa m'pamene ndinayenera kulankhula, koma ndinalankhula zina. Ndinamulonjeza malata a nyumba ndi maukonde atsopano ndikangoyamba ntchito. Ndinamuuza kuti n'zongokonza m'kompyuta, sizitenga ngakhale ola. Ndinanena zimenezi ngati munthu wodziwa, pamene sindinkadziwa kanthu. Iye anandikhulupirira chifukwa ndinali wophunzira pabanja ponse. Pamapeto pake anati chabwino, asuweni, ngati n'zothandiza inu.

Tinakhala masiku awiri tikumuphunzitsa kukhala ine. Dzina langa, tsiku langa lobadwa, dzina la mayi anga, mudzi wathu ku Ulongwe. Ndinkamufunsa ngati mphunzitsi, akalakwitsa ndinkamukalipira. Mlamu wanga ankangodutsa ndi ndowa yake osatiyang'ana, ndipo kuyambira tsiku limenelo moni wanga sankayankha. Kunali kutatsala masabata anayi osakwana.

Tinapita ku Machinga boma tonse atatu, poti ndi kumene iye analembetsera. Amalume anatsala panja pansi pa mtengo. Amene anatilandira anali bambo wa magalasi, wolankhula pang'onopang'ono. Msuweni wanga ananena zimene tinamuphunzitsa, kuti pa kalembera anapereka dzina la msuweni wake amene anali kunja, ndipo tsopano mwini wake wabwera. Bamboyo analemba zonse osadodoma. Anamufunsa dzina lake lenileni, iye anatchula langa. Anamufunsa mayi ake, anatchula mayi anga. Kenako bamboyo anawerenga pa kompyuta dzina la malemu mayi ake omubereka, n'kufunsa kuti nanga awa ndi ndani kwa inu.

Msuweni wanga anati, “Si mayi anga.”

Bamboyo anavula magalasi n'kumufunsa ngati akudziwa kuti zimene wanenazo ndi kuvomera mlandu, chifukwa kupereka mbiri yabodza pa kalembera ndi kuphwanya lamulo. Palibe mmodzi wa ife amene anali ataganizapo zimenezo. Ife tinkati tikupita kokonza cholakwika, osadziwa kuti tikupereka munthu kupolisi ndi pakamwa pake pomwe. Bamboyo anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati zimene wanena mbale wangayo zinali zoona, ngati ine ndinedi mwini dzinalo.

Inu owerenga, chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero ndi chimene ndinayankha. Msuweni wanga ankandiyang'ana, maso ali tong'o, kudikira kuti wophunzira uja akonze zinthu. Ine m'mutu munali masabata anayi, akaputeni, ndi zaka zisanu ndi zinayi zotsuka ndege. Ndinati inde, n'zoona.

Pasanathe theka la ola kunabwera wapolisi. Anamumanga unyolo msuweni wanga ine ndikuona. Sanalimbane, anangopempha kuti wina akauze mkazi wake. Potuluka anadutsa pafupi ndi bambo ake pansi pa mtengo paja, ndipo amalume anaimirira, pakamwa pali yasa. Ine bambo wa magalasi uja anandiuza kuti nkhani yanga idikire kaye mpaka afufuze.

Amalume ndinawakweza minibasi kubwerera ku Ulongwe, ine ndinapeza kogona pa Liwonde. Masiku awiri ndinkadzinamiza. Ndinkati amutulutsa pa belo, amulipitsa kachindapusa, ndidzamubwezera zonse ndikayamba ntchito. Akaputeni anandiimbira kufunsa kuti mapepala afika pati, ine ndinayankha mosangalala kuti zatsala pang'ono. Ndinkapita kupolisi ndi buledi ndi zakumwa n'kusiya pakauntala, koma kulowa kukamuona sindinkalimba mtima. Munthu wosalakwa ankagona pa simenti chifukwa cha ine, ndipo ine ndinkawerengabe masiku otsala pa laisensi.

Tsiku lachitatu m'mawa ndinapeza mlamu wanga atakhala pakhonde la polisi, mwana ali kumbuyo, mapazi ali mbuu. Anali atakwera njinga ndi lole ya nsomba kuti afike. M'manja anali ndi jumbo. Anandiitana ndi dzanja, n'kutsegula jumboyo kuti ndione. Munali mabuku a kuchipatala a ana ake, pepala la ukwati wawo la kumzikiti, ndi khadi la sikelo la mwamuna wake ali khanda, lachikasu ndi ukalamba, limene apongozi ake anamusiyira asanamwalire. Onsewo ankanena dzina limodzi ndi mayi mmodzi.

“Alamu,” anatero osakweza mawu, “ndikalowa ine ndi mapepala awa, akugwirani ngati mbava. Mukalowa nokha, mwina Mulungu akuonani. Mwanayu ali ndi njala. Ndikamaliza kumuyamwitsa ndikulowa.”

Anamasula mwanayo n'kumuika kubere. Ine ndinaima pamenepo ndi buledi m'manja. Ndinayang'ana kumsewu, ndipo sindibisa, maganizo othawa anandifikira. Pasipoti inali m'thumba, malire sanali kutali. Mwanayo ankayamwa mwaphuma, mayi ake osandiyang'ana n'komwe. Nditaona kuti wayamba kusinza, bere likupulumuka pakamwa, miyendo yanga inayenda yokha. Ndinalowa, ndinaika pasipoti pakauntala, n'kuuza wapolisi kuti munthu amene mwamutsekerayo ndi mwini dzina, wabodza ndine. Musandiyese wolimba mtima. Mayi uja akanapanda kubwera ndi jumbo yake sindikudziwa kuti ndikanakhala chete mpaka liti.

Msuweni wanga anamutulutsa madzulo a tsiku lomwelo, ine n'kulowa m'malo mwake. Tinadutsana pakhomo la chitokosi. Sanandiyang'ane.

Zotsatira zake zinabwera motsatizana. Pasipoti anailanda. Kukhoti majisitireti ananena mawu amene sindidzawaiwala, kuti zimene zinachitika ndili ndi zaka khumi ndi zinayi unali mlandu wa akuluakulu, koma zimene ndinachita mu ofesi muja ndili ndi ndevu unali mlandu wanga ndekha. Anandigamula kukakhala kundende, koma chilangocho anachiimika malinga ndisapalamulenso. Amalume anawachenjeza chabe poona ukalamba wawo, msuweni wanganso anamukhululukira poona kuti tinachita kumukakamiza. Ku ofesi ya ndege anaimitsa pempho langa, ndipo monga mwa ntchito yawo anadziwitsa anzawo a ku Joni. Laisensi inatha mphamvu nkhani ikadali kukhoti. Akaputeni analemba munthu wina, ndipo sindingawadandaule.

Patapita miyezi ndinapita ku Lilongwe kukatenga logibuku yanga. Bambo uja ankayendetsa mapepala anga anandikhazika pansi. Sanandinyoze. Anati ntchito yonse ya ndege imayenda pa kukhulupirira zimene woyendetsa walemba ndi kusaina, chifukwa palibe amene amakwera naye kukaona ngati akunena zoona. Anatinso ndikanabwera tsiku lomwe ndinaona vutolo n'kunena chilungamo, akanandiuza njira, poti kusintha dzina pa laisensi ndi mapepala olumbirira si chinthu chachilendo. Ntchito ija mwina ikanandidutsa, koma maola anga akanakhala anga, ndipo ina ikanapezeka. Tsopano, anatero, vuto silinalinso dzina ayi, koma mbiri yoti ndinanama pamaso pa boma n'kumangitsa munthu. Ndinatuluka mu ofesimo ndikulira ngati mwana, anthu akundiyang'ana.

Amene anavutika kwambiri si ine. Chitupa cha msuweni wanga anachigwira miyezi yambiri pofufuza. Nthawi ya feteleza inadutsa iye alibe chogulira, ndipo chaka chimenecho chimanga chake sichinakule. Pagombe anthu ankamuseka, ena ankamutcha dzina langa pofuna kumuputa. Iye mpaka lero salankhulana ndi bambo ake. Amalume akalamba mwadzidzidzi, amangokhala pakhonde, ndipo nkhani imeneyi ikatchulidwa amalowa m'nyumba.

Panatha chaka ndisanalimbe mtima kupita ku Chikweo kukapepesa. Ndinamupeza akumata bwato. Anandilandira mwaulemu ngati mlendo, anandipatsa mpando, koma chisuweni chija panalibe. Ndinalankhula zambiri, iye akumvetsera. Nditamaliza anapukuta manja n'kunena kuti, “Za chitokosi ndinaiwala, asuweni, zinali nsikidzi chabe. Za feteleza ndinaiwalanso. Koma ndinaima pamaso pa anthu n'kunena kuti mayi anga si mayi anga, iwo ali m'manda. Wallahi, chimenecho sichichoka. Inu mwabwera kudzapepesa kwa ine. Nanga ine ndikapepese kwa ndani?”



Panopa ndili ndi chitupa cha dzina langa lenileni. Ndayamba kukonza mapepala limodzilimodzi monga anandiuzira mayi wa ku Balaka uja, njira yomweyo imene ndinaikana chifukwa inali yochedwa. Ngati ndidzaulukenso sindikudziwa, zaka zikupita ndipo amene angandikhulupirire ndi ochepa. Ndege ikamadutsa pamwamba pa Ulongwe anzanga pamsika amandiitana kuti apailoti, yanu ija ikupita. Ndimaseka nawo, koma mumtima mumapweteka.

Tsono ndikupempheni, inu makolo ndi inu amalume a mbumba. Mwana akalephera kusankhidwa, abwereze ndi dzina lake. Chimene mukuchiona ngati kumuthandiza lero, mawa chidzamutsekera khomo pamene wafika pachipata penipeni, ndipo simudzakhalapo kuti mumuyankhire. Masiku ano dzina limayenda ndi zala za munthu, silibwerekedwanso.

Inu achinyamata amene mwaphunzira ntchito kunja, kaya ya ndege, kaya ya unamwino, kaya iliyonse yofuna laisensi, musananyamuke kubwera kumudzi yalani mapepala anu onse patebulo muone ngati akunena munthu mmodzi. Lemberani ofesi ya kuno mufunse zonse zimene adzafune, ndipo musabwere laisensi itatsala pang'ono kutha, chifukwa munthu wothamangitsidwa ndi masiku amaganiza zopusa. Mukapeza cholakwika, kanenani nokha kwa oyenera. Wina akakuuzani kuti njira yoona ndi yochedwa, itsateni yomweyo. Ndipo musalole kuti mbale wanu wosaphunzira, amene amakukhulupirirani chifukwa munapita kusukulu, akanene bodza m'malo mwanu.

Ngati mukuwerenga izi muli ndi dzina la munthu wina pa satifiketi kapena pa pasipoti, musadikire tsiku limene mudzafune ntchito. Pitani sabata ino mukalumbire, mwini dzina akadali kukusekerani. Ine ndinadikira mpaka atagona pa simenti masiku atatu, ndipo msuweni amene ndinali naye sindinamupezenso.